Chilembo Chimodzi

Anandiitana mu Okutobala,
mphepo ya panyanja italowa kale m'mafupa a Aberdeen.
Ntchito yake: chilembo chimodzi.

Chipilala chili pakati pa bwalo la koleji,
mwala wotuwa, wosamva kupepesa,
mayina makumi asanu ndi atatu kudza anayi
a anyamata amene anasiya mabuku ali chitsegulire
n'kukavala nsapato za boma.
Ophunzira a lero amatsamiritsapo njinga.
Pansi pa mawu oti "Sitidzawaiwala"
wina waiwala kapu ya khofi.

Mzere wachitatu, chakumunsi:
Fergus Cattenach.
Mmisiri wakale anasema e pamene panafunika a.
Kaya zala zinali zitauma ndi chisanu,
kaya inki ya mlembi inayenderera, sindidziwa.
Ndimadziwa kokha kuti dzanja limaphonya,
langanso linaphonyapo.

Mlongo wake, Euphemia, wakhala akulemba makalata
kuyambira ali mtsikana wovala sokosi zoyera.
Akuluakulu a koleji asinthana mpando kasanu ndi kawiri,
aliyense kuyankha mwaulemu kuti nkhaniyi tiiona.
Lero wabwera pa chikuku, bulangeti pamaondo,
mdzukulu akukankha uku akuyang'ana foni.

"Ankaphunzira zochiza ziweto," akundiuza,
ngakhale sindinafunse.
"Nkhosa ikadwala iye sankadya.
Anakwera sitima Lachiwiri m'mawa,
ali ndi ngongole yanga:
anati akabwera adzandiphunzitsa kupalasa njinga.
Ndege yawo inagwera m'madzi. Manda kulibe.
Manda ake ndi mwala uwu,
ndiye inu mwagonekamo munthu wina."

Pamwala sipafufutika.
Kuti uchotse cholakwa uyenera kukumba,
kuzamitsa bala kuposa mmene linalili,
kulitseka ndi fumbi lake lomwe,
kudikira liume,
kenako n'kuyambanso.
Ndagwada. Nyundo ikugogoda pang'onopang'ono
ngati mlendo wamanyazi pakhomo la eni.

Belu lalira, makalasi akhuthula anthu.
Akundilambalala ngati madzi polambalala chitsa,
koma mmodzi waima, watsitsa mahedifoni,
ndevu zake zikadali zokayikakayika.
"Mukuwonjezera dzina? Kwafanso wina?"
Ndati iyayi, ndikubweza amene anasochera.
Wawerenga zaka zolembedwa pambali pa dzinalo,
milomo ikuchotsera chamumtima,
ndipo yankho lake lamukhalitsa chete.
Ndi msinkhu wake womwewo.

Uku ndikusema, maso akuthawira kwa enawo.
Alasdair Garioch. Torquil Mennie. Ninian Strachan.
Ndani akudziwa ngati awa analembedwa bwino?
Amene akanatsutsa anatha kale,
makalata awo anatha nawo.
Mwina pano pali ena ogona m'mayina obwereka,
ndipo chaka chilichonse, lipenga likalira mu Novembala,
timawaweramira mitu molakwitsa, mwaulemu wonse.

Dzuwa la kuno silichedwa kutopa.
Pofika folo koloko a waima pamalo pake,
woyera kuposa anzake onse,
ngati dzino latsopano m'kamwa mwa nkhalamba.
Ndamuuza mayiyo kuti mvula idzamufananitsa ndi enawo,
zaka makumi awiri zikakwana.
Waseka. "Ndiye mudzaona ndinu."

Wavula gulovu ndi mano,
mdzukulu wasendeza chikuku,
chala chalowa mumphako ya chilembocho
n'kuzungulira kawiri.
Sanalire.
Wangoti, "Wachedwatu, Fergus,"
monga amanenera kwa mwana
amene walowa chakudya chitazizira.
Kenako wafunsa ngati pali pogulira tiyi pafupi.

Ndasesa fumbi la e uja m'kapepala.
Sindikudziwa kokalitaya.
Munthu amene sanakhaleko, Cattenach,
waimirira pano zaka zonsezi m'malo mwa mnzake,
mvula ndi chipale zikumumenya,
ndipo lero ndamuchotsa ntchito popanda mwambo.

Ndikumanga thumba la zida,
mtsikana wina wafika mothamanga, wachedwa kalasi,
watsamiritsa njinga yake pamzere wachitatu.
Ndatsegula pakamwa kuti ndimuletse.
Ndatsekanso.